"Borrow me" wabweranso: chochita mneni ndi dzina zikamakanana m'Chingerezi

Ndimaphunzitsa Chingerezi kuno ku Salima. M'mawa ndimakhala ndi ana a sekondale, madzulo ndi akuluakulu obwereza mayeso a MSCE, ndipo nthawi zina eni malo ogona alendo ku Senga Bay amandiitana kuti ndikawongoleko lilime la antchito awo. Anthuwa ndi osiyana msinkhu ndi ntchito, koma nthenda yawo ndi imodzi. Galamala munthu akuidziwa, masipelo sakuphonya, koma akangotsegula pakamwa mumva "borrow me your pen", "I did a mistake", "open the radio", "have you drunk your medicine?" Mukamukonza amavomera, kulemba m'kope, kudula mzere kunsi. Pakutha pa sabata zomwezo zaphukanso ngati nansongole m'munda wolima ndi khasu lobuntha.

Si nkhani yaing'ono. Satifiketi ya MSCE situluka ngati Chingerezi walephera, ngakhale masamu ndi sayansi utakhoza bwanji. Ndipo kalata yofunsira ntchito yoyamba ndi "I am requesting for" imakhala yakuululani kale bwana asanafike pamzere wachiwiri.

Pomwe pagona vuto

Mawu amayenda awiriawiri. Dzina lililonse lili ndi aneni ake omwe limagwirizana nawo, ena limawakana popanda chifukwa chomveka. Akatswiri a zilankhulo amazitcha collocation, mawu omwe anatchuka ndi katswiri wa ku Britain, J. R. Firth, amene mu 1957 analemba kuti liwu umalidziwa poona anzake omwe limayenda nawo.

Musaganize kuti ndi nkhanza za Chingerezi chokha. Mzungu wina wophunzira Chichewa anandiuza tsiku lina kuti wachapa mbale ndipo akupita kukatsuka kunyanja. Ndinaseka mpaka misozi. Kwawo kuli liwu limodzi, "wash", pamene ife timachapa zovala, kutsuka mbale, kusamba thupi, kusukusula kumaso. Iye ali ndi "harvest", ife ku Lifuwu timamweta mpunga, mtedza timakumba, thonje timatola, chimanga timakolola. Ndani anakuphunzitsani kuti mpunga sakumba? Palibe. Munamva dzina ndi mneni wake zili limodzi kuyambira muli kumsana. Chingerezi nacho munachilandira ku Sitandade 1 ngati mndandanda wa mawu okhaokha, lililonse ndi tanthauzo lake limodzi la Chichewa pambali. Ndiye mukamalankhula mumamanga chiganizo m'Chichewa, n'kumachotsa liwu limodzilimodzi kuika la Chingerezi. Pothera pake galamala yakhoza, koma awiri aja mwawakwatitsa olakwika.

Musanayambe kukonza, pezani kaye mtundu wa cholakwa chanu, chifukwa mankhwala ake ndi osiyana. Tengani kope lakale la zimangirizo, kapena mauthenga a pa WhatsApp omwe munalembera abwana. Chiganizo chilichonse chomwe anakuchongerani ndi chofiira, chibwezereni m'Chichewa liwu ndi liwu. Chikamveka Chichewa chabwinobwino, dziwani kuti mneni wa Chichewa ndiye wabisala kunsi.

Mneni mmodzi kwathu, kwawo ambiri

Apa ndiye pamene pagwera anthu ochuluka. Tengani kumwa. Timamwa madzi, thobwa, phala, mankhwala. Mngelezi madzi okha ndi zakumwa zina ndiye "drink". Mankhwala amati "take medicine", "take two tablets". Phala amati "eat porridge". Mukakayika pa chakudya kapena chakumwa chilichonse, thawirani kwa "have": "have tea", "have porridge", "have lunch". Sakukanani.

Kumva ndiye chimphona. Timamva phokoso, fungo, njala, kuwawa, chisoni, ndiponso timamva Chiyao. Mtsikana wina wogwira ntchito kukhitchini anauza mlendo kuti "I can hear the smell of gas", mlendoyo n'kuyamba kutchera khutu. Khutu lokha ndiye "hear". Mphuno ndi "smell", thupi ndi mtima ndi "feel", mutu ndi "understand". Njala ndi ludzu sizifuna n'komwe mneni wapadera: "I am hungry", "I am thirsty". Chenjeraninso ndi "do you hear me?" Kwa ife ndi "mukundimva?" waulemu, koma kwa eni chilankhulo amamveka ngati kholo likukalipira mwana. Ngati mukufuna kudziwa ngati munthu wakutsatirani, nenani "is that clear?" kapena "do you follow?"

Kukwera nakonso. Mtengo ndi phiri ndi "climb". Minibasi ya ku Lilongwe ndi "take" kapena "catch", ndipo polowamo ndi "get on". Galimoto yaing'ono ndi bwato ndi "get into". Sitima ya Ilala ndi "board". Mtengo wa feteleza ukakwera ndi "rise" kapena "go up". Njinga ndi "ride", yakapalasa ngakhale yamoto; "drive" musiyireni wa galimoto. Bwato lomwe timapalasa ngati njinga, iwo amati "paddle". Potsika nenani "get off". "I will drop at Kamuzu Road" kondakitala akumvani, koma mlendo aganiza kuti mukomoka mukafika pamenepo.

Zina ndingodutsamo. M'Chingerezi wailesi, kanema ndi fani sititsegula kapena kutseka, ndi "switch on" ndi "switch off", ndipo "off the lights" popanda "switch" kapena "turn" si chiganizo. Kuimba kumagawika: "sing a song", "make a call", "ring a bell", "play the guitar", "blow a whistle". Kunena bodza ndi "tell a lie", chimodzimodzi "tell the truth" ndi "tell a story", koma pemphero ndi kupepesa ndi "say a prayer", "say sorry". Ndalama sadya. Ngati munthu wazimwaza ndi "waste" kapena "squander", ngati waba za bungwe ndi "embezzle".

Kubwereka

Uyu ndimupatsa malo ake, chifukwa ndiye wouma mutu kuposa onse, komanso ndi yemwe angakuluzitseni ndalama. M'Chichewa timati "ndabwereka njinga kwa achimwene", komanso "achimwene, ndibwerekeni njinga". Mneni ndi yemweyo, kaya chinthu chikubwera kapena chikupita. Tili naye "kubwereketsa" ndi "kukongoza", koma popempha pakamwa pamatuluka "ndibwereke". Mpake "borrow me" sakutha.

Chingerezi chimayang'ana komwe chinthu chikulowera. Wolandira amachita "borrow", ndipo mnzake wa "borrow" ndi "from". Wopereka amachita "lend", mnzake ndi "to". Choncho popempha pali njira ziwiri zokha: "lend me your pen" kapena "can I borrow your pen?" Munthu sangabwere pambuyo penipeni pa "borrow". Mukangoona "me", "him" kapena "us" watsatana ndi "borrow", dziwani kuti pamafunika "lend".

Bambo wina woyendetsa alendo paboti anabwera kwa ine atakwiya. Anali atakongoza mnzake K20,000, ndipo mnzakeyo atazemba, iye analembera bwana wawo wachizungu kuti amuthandize: "I borrowed him K20,000 and he is refusing." Bwanayo anamva kuti wolembayo ndiye wangongole, n'kumuitana kudzamulangiza kuti abweze za mwini wake.

"Aphunzitsi, ndalakwa pati? Ine ndi amene ndinapereka!"

"Bambo, mwadzilembera nokha ngongole. Mukanati 'I lent him', kapena 'he owes me'."

"He owes me" ndi yemwe ndimawaphunzitsa amayi a banki m'khonde omwe amalemba malipoti ku mabungwe. Ndi wamfupi, ndipo sasiya chikayiko kuti wangongole ndani.

Pamene Chichewa chilibe mneni woti mumuimbe mlandu

Nthawi zina mukabwezera chiganizo m'Chichewa simupeza chilichonse. "I did a mistake" sichokera kwa ife, poti timangoti "ndalakwitsa", liwu limodzi. Chingerezi chimakonda kung'amba ntchito imodzi pawiri: kamneni kopepuka kopanda tanthauzo lenileni, ndi dzina lomwe lasenza katundu yense. Kulakwitsa ndi "make a mistake", kujambula ndi foni "take a photo", kusamba "have a bath", kukacheza "pay a visit", kulankhula pamsonkhano "give a speech". Wophunzira dzina amalikumbukira, kamneni aiwala, ndiye amatsekapo dzenje ndi "do" chifukwa ndiye ali pafupi.

Lamulo lomwe timaphunzitsa m'kalasi ndi lakuti "make" ndi wa chinthu chomwe kunalibe ndipo mwachibweretsa, pamene "do" ndi wa ntchito kapena udindo. Ndiye "make a plan", "make a decision", "make a promise", "make money", "make noise", koma "do homework", "do business", "do the washing", "do your best". Lamuloli limathandiza, koma musalikhulupirire ngati Malemba. Kuyala bedi ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku, komabe amati "make the bed", ndipo anyamata okonza zipinda ku Senga Bay ndimayamba nawo pomwepa. Mwera ukaphwanya mabwato wabweretsa chinthu chomwe kunalibe, koma amati "do damage". Kuchitira munthu chifundo ndi "do someone a favour". Izi palibe nzeru ina, n'zoloweza basi.

Muli m'chipinda cha mayeso ndipo kamneni kakuthawani? Musalote. Bwererani kwa mneni mmodzi monga timachitira m'Chichewa. M'malo mwa "make a decision" lembani "decide", m'malo mwa "pay a visit" lembani "visit", "make a complaint" ndi "complain", "make an effort" ndi "try". Malikisi simutaya. Pa "mistake" njirayi siyenda, ndiye lembani "I was wrong".

Aperekezi osowa ndi aperekezi olowerera

Mtundu wachitatu umaoneka kwambiri m'makalata ndi m'maminitsi a misonkhano. "We discussed about the budget." "I request for leave." "He emphasised on discipline." Woyambayo akuchokera ku "tinakambirana za", koma pali chinanso chomwe ambiri sachiona. Mayina a aneni amenewa amatengadi mperekezi: "a discussion about", "a request for", "emphasis on". Munthu anamva zimenezi, n'zolondola, ndiye mperekezi uja amamusamutsira kwa mneni. Mneniyo samufuna. Ndi "discuss the budget", "request leave", "emphasise discipline". Yesani motere: ngati kutsogolo kuli "a" kapena "the", ndi dzina, mperekezi alowe. Ngati kutsogolo kuli munthu wochita, mperekezi atuluke.

Kwina n'kotembenuza. Ife mperekezi timamumeza m'kati mwa mneni: kudikira munthu, kumvera wailesi, kuyankha kalata. Ndiye timalemba "wait me", "listen the radio", "reply my letter". Apa akufunika: "wait for", "listen to", "reply to". Ndipo dalaivala wokatenga alendo ku bwalo la ndege la Kamuzu amachita "pick them up". "Pick" yekha ndi kusankha, kapena kutola thonje kuja.

Mayina okana kuwerengedwa

Malangizo, mipando, zipangizo, zonsezi kwathu ndi zambiri, ndiye dzanja limangoika "s" lokha: "advices", "furnitures", "equipments", "luggages", "informations". Chingerezi chimaona mayina amenewa ngati ufa kapena mchenga, zinthu zosawerengeka. Satenga "s", satenga "a", ndipo mneni wake ndi wa chimodzi: "the equipment is new". Mukafuna kuwerenga nenani "a piece of advice", "two pieces of luggage", kapena sinthani dzina: "two bags", "three chairs". Ndi ochepa omwe amavuta tsiku ndi tsiku. Onjezani "homework", "evidence" ndi "news" pa asanu aja, muwalembe m'kati mwa chikuto cha kope, nkhani yatha.

Kamodzinso: lowezani awiri aja pamodzi ndi "a" wawo. Ndi "make an appointment", osati "make appointment". Chichewa chilibe timawu timeneti, ndiye tikasiyidwa panja poloweza sitibweranso.

Zomwe sindiwonongerapo inki yofiira

Aphunzitsi anzanga ena amachonga chilichonse chosamveka ngati cha ku London. Ine ayi. "Write an exam" ndi mmene timanenera kuno, ku South Africa ngakhale ku Canada, ngakhale a ku Britain amati "sit" kapena "take". "I stay in Chipoka" kutanthauza kuti ndiko kwanu, amatero ndithu ku Scotland ndi ku South Africa. Ndimangowauza ana kuti m'chimangirizo alembe "live", ndipo kwa mlendo adziwe kuti "stay" amaumva ngati kugona masiku ochepa. Mwana amene mwamufiiritsira tsamba lonse sadziwa chachikulu n'chiti. Chomwe chimasintha tanthauzo, ngati "borrow" ndi "lend", ndicho choyamba. Chomwe chimachititsa manyazi m'kalata chibwere kachiwiri. Zotsalazo zidikire.

Kuti zisabwererenso

Kukonzedwa kokha sikuchiza, chifukwa cholakwacho mwachinena kambirimbiri pamene cholondola mwachilemba kamodzi. Pofunika kusintha ndi kasungidwe ka mawu.

Gulani kope laling'ono, ndipo pamwamba pa tsamba lililonse mulembe dzina, osati mneni. Polankhula chimayamba kubwera m'mutu ndi chinthu chomwe mukufuna kunena, mneni ndiye amasowa. Tsamba la "money" likhale ndi "earn, make, save, spend, waste, borrow, lend, owe, withdraw". La "meeting" likhale ndi "call, hold, attend, chair, postpone". Msodzi wa ku Chia kapena ku Senga Bay ayambe ndi zake: "catch fish, dry fish, smoke fish", "cast a net, mend a net". Namwino ayambe ndi "temperature", "injection" ndi "blood pressure": "take", "give", "check". Afotokozi nawonso alowemo, poti mvula yamphamvu ndi "heavy rain", koma mwera wa mu Juni ndi "strong wind".

Dikishonale muziitsegula pa dzina. Ya ophunzira, monga ya Oxford kapena Longman, imaika ziganizo za zitsanzo pansi pa tanthauzo, ndipo aneni omwe mukuwafuna ali m'menemo. Ambiri amawerenga tanthauzo n'kutseka, kusiya nyama kutola msuzi. Kufufuza pa intaneti kumathandiza, koma musatenge chiganizo chifukwa mwachiona pa Facebook. Wolembayo mwina munakhala naye benchi imodzi ku pulayimale.

Kamodzi pa sabata tengani nkhani imodzi ya m'nyuzipepala, kaya The Nation kaya The Daily Times, muwerenge ndi pensulo m'manja. Musasake mawu achilendo. Sakani mayina omwe mukuwadziwa kale, muone mneni yemwe ali pambali pake: "reach an agreement", "commit a crime", "raise prices", "launch a project". Asanu akwana. Mukatola makumi atatu, Lachisanu simukumbukira ngakhale mmodzi.

Asanuwo muwanene mokweza, m'ziganizo za moyo wanu, zokhala ndi anthu ndi malo enieni. "My sister lent me her bicycle to go to Khombedza" amakhazikika kusiyana ndi chiganizo cha m'buku chonena za John ndi Mary. Kuwerenga chamumtima apa ndi kulemba m'madzi, chifukwa amene analowerera ndi lilime, osati maso.

Kwa aphunzitsi, pempho langa ndi limodzi. Musasiye chiganizo cholakwika pabolodi phunziro lonse. Ana amakopa chilichonse chomwe chili pabolodi, ndipo akamawerenga usiku sakumbukira kuti cholakwika chinali chiti. M'kope dulani mzere kunsi kwa mneni yekha, mwana apeze wolondola ndi dzanja lake.

Zikabwerabe

Zibwera ndithu, makamaka mukatopa, mukakwiya, kapena mlendo akakufunsani mwadzidzidzi. Pamenepo mutu umathamangira ku Chichewa. Sankhani cholakwa chimodzi, mulimbane nacho milungu iwiri, zinazo muzisiye zidutse. Uzani mnzanu wa pantchito kuti akamva azingogogoda patebulo, osanena kanthu. Mukadzimva nokha, bwerezani chiganizo chonse pomwepo, ngakhale pamaso pa bwana: "borrow me, sorry, lend me your pen." Poyamba mumadzigwira mutanena kale, kenako muli pakati, kenako musanatsegule pakamwa. Kwa ana a Folomu 2 izi sizichedwa. Kwa bambo amene wakhala akunena "borrow me" kuyambira nthawi ya Kamuzu zimatenga miyezi, ndipo ndimawauziratu kuti asagwe ulesi.

Pali chimodzi chomwe inenso chimandipulumukabe. Tikamachoka kwa kanthawi timati "ndikubwera", ndiye m'Chingerezi chimatuluka "I am coming". Tsiku lina ndili pa malo ena odyera kunyanja ndinaona mayi wachizungu akuyang'ana woperekera zakudya yemwe anali atangonena "I am coming", uku akulowera kukhitchini, msana uli kwa iye. Mayiyo anatembenukira kwa ine n'kufunsa chifukwa chake aliyense kuno amati akubwera pamene akupita. Ndinamuitana mnyamatayo, ndinamuphunzitsa "I'll be right back", tinabwereza katatu. Kenako foni yanga inalira, ndinadzuka kuti ndikayankhire panja, ndipo ndinamva pakamwa panga pakuuza mayi uja kuti "excuse me, I am coming."